Bokosi la Mavoti a ku Prekovo

Pamene Insipekitala Dobrila Vukas ankafika padoko m'mawa wa Lolemba, anthu anali atadzaza kale mpaka mumsewu. Chifunga chinali chitakuta mtsinje wa Morava moti tsidya lina silinkaoneka, ndipo pantoni yowolotsa anthu ndi magalimoto inali itaima pagombe, injini yake ili zii.

"M'ponyereni mumtsinjemo akalivuule yekha bokosilo!" anakuwa munthu wina kumbuyo.

"Mbava! Zaka makumi atatu akutidyera ndalama, lero wameza ndi mavoti omwe!"

Sajeni Obrad, bambo wamimba yaikulu amene ankangodikira kupuma pantchito, anali ataima pokwerera pantoni atatambasula manja ngati akutchinga ng'ombe. Ataona Dobrila anapumira m'mwamba.

"Bwana, mukanachedwa pang'ono tikanakhala ndi maliro pano."

"Ali kuti mwini pantoni?"

"M'kanyumba kake ka injini. Akusuta fodya ngati palibe chachitika."

Dzulo lake anthu onse a m'boma la Jasenova anavota pa funso limodzi: kodi pamangidwe mlatho pa Morava, umene aliyense wowoloka azidzalipira ndalama zokwana madinala 150 kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, inde kapena ayi? M'tauni anawerenga tsiku lomwelo, ndipo Inde ankatsogola ndi mavoti 58 okha. Linatsala ndi bokosi la ku Prekovo, mudzi wa tsidya lina, lokhala ndi mavoti pafupifupi mazana anayi. Kumeneko mphepo inagwetsa mapolo a magetsi, choncho bokosilo analimanga ndi chingwe, n'kumatapo phula lofiira ndi chidindo, kuti lidzawerengedwe m'tauni m'mawa. Linakwera pantoni m'buti ya galimoto. Pofika tsidya lino, buti inali yopanda kanthu.

Meya Radoje Maric anamugwira Dobrila pamkono, nkhope ili psuu.

"Komiti ya chisankho ikhala pansi 4 koloko. Bokosi likapanda kuoneka, chisankho chonse chafa, tidzayambirenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mukudziwa amene amapindula tsiku lililonse limene kulibe mlatho. Mumangeni, mukudikira chiyani?"

"A Meya, chotsani dzanja lanu kaye," anatero Dobrila. "Ndipo uzani anthu anuwa kuti woyamba kuponda pantoni agona kupolisi."

*

Mwini galimoto anali atakhala m'kantini ya padoko, atafunda bulangete, khofi wake akuzizira patebulo. Anali Mayi Leposava Ilin, mphunzitsi wopuma, amene anayang'anira malo ovotera ku Prekovo. Dobrila anabadwira m'mudzi womwewo, ndipo dzanja limene linamuphunzitsa kugwira pensulo linali lomweli, limene tsopano linali litagwira kapu.

"Aphunzitsi, pepani ndi zimenezi. Ndiuzeni kuyambira pachiyambi."

"Palibe zambiri, mwanangu." Mawu awo anali omwe aja a m'kalasi, liwu lililonse pamalo pake. "Bokosi linagona kusukulu, m'chipinda chokhoma. M'mawa a Stanimir, anzanga oyang'anira nawo chisankho, analinyamula n'kuliika m'buti ine ndikuona. Ndinakhoma. Ndinabwera kudoko."

"Molunjika?"

"Molunjika. Ndikanapitanso kuti ndi katundu wotero?"

"Pa pantoni munakhala m'galimoto?"

"Ayi. Ukudziwa kuti ine ndi mtsinje uwu sitimvana. Ndinatsika, ndinakaima kutsogolo kuti ndizione gombe likamayandikira. Chifunga chinali chakuti sukanaona dzanja lako. Titafika kuno, mthenga wa khonsolo anabwera kudzalandira bokosi. Ndikutsegula buti, mulibe kanthu. Loko yokandikakandika."

"Munamva china chikugwera m'madzi?"

Mayi Leposava anayang'ana pawindo.

"Injini ija imasokosera. Sindinganene zimene sindinamve."

"Mukukayikira ndani?"

"Ine sinditchula munthu. Anthu ali panjawa akumutchula okha."

Dobrila sanafunsenso. Aliyense ku Prekovo ankadziwa zimene zinachitika zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mtsinje unasefukira, Jasna, mwana mmodzi yekhayo wa aphunzitsi, anali pa nthawi yake yochira ndipo magazi sankaleka. Mwini pantoni anakana kuwoloka, ati mitengo imene madzi ankakokolola idula waya wokokera pantoni. Anazungulira makilomita makumi asanu ndi awiri kukafuna mlatho wa kumtunda, ndipo Jasna anatsirizikira m'njira, ndi khanda lomwe. Kuchokera tsiku limenelo Mayi Leposava anayenda khomo ndi khomo kupempha mlatho.

"Ndipatseni makiyi a galimoto, aphunzitsi. Inu khalani muno, musatuluke kufikira ndibwere."

Panja anaiyang'ana bwinobwino galimotoyo, kagalimoto koyera kakalekale. Pa loko ya buti panali zokanda zatsopano, zambiri, koma loko yeniyeniyo inkatseguka ndi kiyi bwinobwino. M'matayala munali mutamatirira dothi lofiira.

Obrad anafika akupuma movutikira, atapinda china m'mpango.

"Bwana, taonani. Ndachitola pakhomo penipeni pa kanyumba ka a Gvozden."

Chinali chidutswa cha chingwe, chodulidwa ndi mpeni, phula lofiira likadali pomwepo ndi theka la chidindo cha khonsolo.

*

Gvozden Pavic, mwini pantoniyo, anali munthu wamtali, wouma ngati mtengo wa mpanda, manja ake akuda ndi girizi. Anachiyang'ana chingwecho kamodzi n'kubwezera ndudu pakamwa.

"Si changa."

"Chafika bwanji pakhomo panu?"

"Funsani chingwecho."

"Bambo Gvozden, kunjaku kuli anthu mazana awiri ofuna kukumizani. Ine ndekha ndi amene ndikufunsa m'malo momenya. Munachokapo pa injini?"

"Chifunga chotere? Ukachotsa maso pa waya wapha anthu."

"Alipo amene anakuonani muli momwemo ulendo wonse?"

"Palibe ankaona mnzake."

"Munanyamuka nthawi yanji?"

"Timanyamuka 7 koloko. Lero tinapitiriza ndi mphindi khumi."

"Chifukwa?"

"Ndimadikira aphunzitsi."

Dobrila anakweza maso kuchoka m'kabuku kake. Gvozden ankadziwika kuti sadikira munthu. Anasiyapo wansembe pagombe ali ndi maliro tsidya lina, anasiyaponso mkwatibwi ndi gulu lake lonse.

"Mumadikira aliyense masiku ano?"

"Iwo okha."

"Chifukwa cha bokosi?"

"Chifukwa ndi iwo." Anazimitsa nduduyo pa chitsulo. "Ndinawasiyapo kamodzi pagombe. Sindidzawasiyanso."

Mwala unagwa padenga la kanyumbako, phokoso lake ngati mfuti. Wina unaswa galasi la nyali. Obrad ankamveka akukalipa panja, koma mawu ake ankamira m'chiphokoso.

"Ndani wina anali pa pantoni?"

"Lole ya mkaka kutsogolo. Dalaivala wake amagona ulendo wonse, tsiku lililonse. Kenako Milisav ndi nkhumba zake. Kenako aphunzitsi."

*

Milisav anamupeza kumsika, ataima pa ngolo ya thirakitala, mwana wa nkhumba ali kukhwapa akulira ngati akuphedwa.

"Eee, si Dobrila uyu, mwana wa malemu Ratko? Wanenepatu, kupolisi amakudyetsani! Gulako kamodzi aka, Khirisimasi kadzakhala katakwana kuotcha."

"A Milisav, munaona chiyani pa pantoni?"

"Ndione chiyani ine? Ndinaona matako a lole ya mkaka, basi. Komatu undilembere m'bukumo kuti Gvozden andilipire. Taona apa, taona! Nyali yanga yakutsogolo yasweka."

"Waiswa ndi iye?"

"Nanga ndani? Ife tinali titadzaza kale. Lole, thirakitala, ngolo, malo atha. Tadikira, tadikira, nkhumba zikundiphera makutu. Ndiye akutulukira aphunzitsi ndi kagalimoto kawo. Munthu wanzeru akanati dikirani ulendo wachiwiri. Koma iye ayi. Sendera, Milisav! Senderanso! Mpaka ndagunda lole. Kagalimotoko anakapanikiza kumbuyo ngati nsomba ya m'chitini. Pokweza chitsulo chokwerera chija cha kumbuyo kwa pantoni, ndimati chiphwanya galasi lawo lakumbuyo. Panatsala mpata wa zala zinayi, sindikunama, zinayi!"

Dobrila anasiya kulemba.

"Zala zinayi pakati pa buti ndi chitsulo?"

"Mwina zitatu. Zanga n'zonenepa."

"Aphunzitsi munawaona akutsika?"

"Anandidutsa m'mbalimu, akupita kutsogolo. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Atafika pa kanyumba ka Gvozden anawerama. Ndinati mayi akusanza, mtsinje umawachititsa nseru, ndiye ndinayang'ana kumbali. Ulemu, waona. Nanga kankhumbaka ukutenga?"

"Munavota chiyani dzulo?" Funsoli linangomupulumuka.

Milisav anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Kumudzi kwathu aliyense amene ungamufunse akuuza kuti Ayi. Madinala 150 popita, 150 pobwera, ndani angavomere pagulu? Koma m'kachipinda muja munthu amakhala yekha ndi pensulo. Zimenezo usandifunse, mwana wa Ratko."

*

Anthu atamuona Dobrila akulowa m'galimoto ya aphunzitsi n'kuikweza pa pantoni, phokoso linakula.

"Akumuthawitsa! Wapolisi wa ku Prekovo akuthawitsa mnzake!"

"Obrad, palibe wokwera. Bambo Gvozden, ndiimitseni pamene munaimika galimotoyi m'mawa. Pomwepo ndithu."

Gvozden analoza pansi. Zizindikiro za dothi lofiira zinali zikadalipo pa matabwa, kumapeto kwenikweni kwa pantoni. Dobrila anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka matayala anakhala pa zizindikirozo. Gvozden anapukusa chogwirira, maunyolo analira, ndipo chitsulo chokwerera chinadzuka n'kuima kumbuyo kwa galimoto ngati khoma.

Injini inalira, gombe ndi anthu ake zinamira m'chifunga.

Dobrila analowetsa dzanja mumpatamo, anapotoza kiyi, anakoka chitseko cha buti. Chinakwera pang'ono n'kugunda chitsulo. Anayesanso. Mpata umene unatseguka sukanatulutsa ngakhale buledi, kuli bwanji bokosi lofika m'mawondo. Anasuzumira m'kati mwa galimoto: kumbuyo kwa mpando kunali chitsulo chowotcherera, chopanda polowera.

Anaima pamenepo, madzi akumenya m'mbali mwa pantoni. Palibe munthu akanatsegula buti imeneyo pamtsinje. Bokosi silinakwere pantoni n'komwe.

Anapita ku kanyumba ka injini. Gvozden sanachotse maso pa waya.

"Munkadziwa," anatero Dobrila.

"Ndinakweza chitsulocho ndine."

"Ndiye bwanji simunanene? Anthu aja akanakuphani."

Gvozden anachepetsa liwiro la injini.

"Mayi aja ndinawalanda kale mwana. Ndiwalandenso dzina?"

"Mlathowu ukamangidwa inu ntchito yatha."

"Ithe." Anayatsa ndudu ina. "Ndinachonga Inde dzulo kwathu ku Prekovo. Musauze munthu. Zaka zisanu ndi chimodzi, madzi akangokwera ine tulo palibe, ndimangomvera ngati wina agogoda. Ndatopa kukhala ine wonena amene awoloke ndi amene afe."

*

Stanimir Lukic, amene anagawa makalata ku Prekovo zaka makumi anayi, anali kuseri kwa nyumba yake pakati pa ming'oma ya njuchi. Asanayankhe funso lililonse ankayamba watulutsa wotchi ya m'thumba, ngati kuti yankho lalembedwa pamenepo.

"Ndinatsegula chipinda 6:25. Ndinayendera chingwe, ndinayendera phula, zonse zili bwino. Ndinaika bokosi m'buti 6:32. Osati 6:30, mulembe bwino, 6:32."

"Bwanji simunapite nawo? Lamulo limati anthu awiri."

Mkuluyo anachita manyazi, anasisita wotchi yake ndi chala.

"Ndinavala kale jekete. Koma a Leposava anati, a Stanimir, mwendo wanuwo ndi chinyezi cha pamtsinje sizigwirizana, khalani. Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinavomera. Munthu umakana bwanji kwa a Leposava?"

"Kuchokera kusukulu kukafika kudoko ndi mphindi zingati?"

"Pa njinga zisanu ndi ziwiri. Pa galimoto zinayi."

"Anafika 7:10."

Stanimir anayang'ana wotchi, anayang'ana Dobrila, milomo ikuwerenga chamumtima.

"Zimenezo sizikugwirizana."

"Atatuluka pachipata cha sukulu anakhotera kuti?"

"Anakhotera..." Anaima. Njuchi inatera pa dzanja lake, sanaiingitse. "Kumanja. Kumtunda. Ndinaganiza kuti aiwala chikhoto kunyumba."

"Nyumba yawo ili kumunsi, pafupi ndi tchalitchi."

"Inde. Ili kumunsi." Mawu ake anachepa. "Dzulo tsiku lonse anthu ankalowa akunyoza. Wina anawauza pamaso kuti, aphunzitsi, mlatho wanuwo mukalipire nokha. Pofika madzulo nkhope yawo inali ngati pepala. Magetsi atazima ine ndinati tiwerenge ndi makandulo. Anakana ndi iwo."

Dobrila sanafunikire kufunsa kumene msewu wa kumtunda umathera. Dothi lofiira ku Prekovo limapezeka malo amodzi okha, ndipo bambo ake omwe anagona m'dothi limenelo.

Foni inalira m'thumba. Anali Obrad, mawu ali m'mwamba.

"Bwana, aphunzitsi mulibe m'kantini! Atulukira khomo lakumbuyo. Msodzi wina akuti wawawolotsa pa bwato, patha theka la ola. Ndipo bwana, asanakwere anagula botolo la parafini pa sitolo ya padoko."

*

Kagalimotoko kankaterereka m'matope pokwera phiri. Pamwamba chifunga chinali chitayamba kung'ambika, mitanda ndi miyala ya manda zikutulukira umodziumodzi. Dobrila anasiya galimoto pachipata, chitseko chili pululu, n'kuthamanga.

Fungo la parafini ndi limene linamutsogolera.

Manda a Jasna anali kumapeto, pansi pa mtengo wa mtedza, atazunguliridwa ndi kampanda kachitsulo. Nkhata za maluwa ouma zinali zitakankhidwira pambali, ndipo pakati pake panali bokosi loyera, lonyowa, chingwe chake chikulendewera chodukaduka. Mayi Leposava anali atagwada pafupi nalo, botolo lopanda kanthu lili pansi, machesi ali m'manja.

"Ima pomwepo, Dobrila."

Dobrila anaima. Panali mapazi khumi pakati pawo. Siketi ya mayiwo inali itanyowanso ndi parafini mpaka m'mawondo.

"Aphunzitsi, mukayatsa pamenepo simupsa bokosi lokha."

"Ndikudziwa."

"Ikani machesi pansi tikambirane."

"Tikambirane chiyani? Ndakamba zaka zisanu ndi chimodzi. Ndakamba m'tchalitchi, ndakamba kumsika, ndakamba m'makhitchini mwa anthu amene ndinawaphunzitsa kulemba maina awo. Dzulo amandidutsa osandiyang'ana. M'bokosi umu muli Ayi yekhayekha, mwanangu. Likatsegulidwa Ayi n'kupambana, lamulo likuti nkhani ya mlatho itsekedwe zaka zisanu. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi. Likasowa, tivotanso miyezi isanu ndi umodzi ikatha. Ndimangofuna miyezi imeneyo basi. Ndiyendenso khomo ndi khomo kamodzi kokha."

"M'mawa bwanji simunaliotche?"

Mayiwo anayang'ana bokosi lija.

"Ndinalephera. Ndinabwera nalo kuno, ndinadula chingwe kuti nditsegule, koma ndinalephera. Ndi mavoti a anthu. Moyo wanga wonse ndaphunzitsa ana kuti chinthu cha mwini sagwira. Ndinalibisa kwa Jasna kuti ndiganize kaye, loko ya buti n'kuikandakanda ndekha. Koma utatenga makiyi ndinadziwa kuti ufika. Unali mwana wosasiya samu pakati."

"Nanga chingwe chija pakhomo pa a Gvozden?"

Mayi Leposava anatseka maso.

"Chinali m'thumba mwanga. Sindinakonze. Ndinadutsa pa kanyumba kaja, ndinamuona msana wake, msana womwe uja anandionetsa tsiku lija ine ndikugwada m'matope. Dzanja linangochita lokha."

"Anthu amuponya miyala m'mawa uno. Akufuna kumumiza."

"Amve nayenso kuti kupempha osamvedwa kumawawa bwanji."

Anatulutsa kamtengo kamodzi ka machesi. Dobrila anamva miyendo yake ikufuna kudumpha, koma anadziwa kuti sangafike nthawi yake. Anali atapemphedwa kuti asauze munthu. Anaona kuti alibe china chotsala.

"Iye akudziwa kuti ndinu, aphunzitsi. Wadziwa kuyambira m'mawa, chifukwa buti yanu sikanatseguka pa pantoni. Miyala ikugwa padenga pake, sanakutchuleni. Ndipo dzulo anavotera mlatho wanu."

"Usandinamize, Dobrila."

"Ndinakunamizanipo liti? Voti yake ili m'bokosi lomwelo. Mukaliotcha muotcha ndi yake yomwe."

Madontho ankagwa kuchokera mumtengo. Kenako mapewa a mayiwo anagwa. Kamtengo kaja kanagwera m'matope. Dobrila analowa m'kampandako, anatenga machesi m'dzanja lozizira lija, n'kuwadzutsa mayiwo pang'onopang'ono monga amadzutsira wodwala.

Powoloka, bokosi linali pampando wakumbuyo, Mayi Leposava kutsogolo. Pakati pa mtsinje anatsitsa galasi n'kuyang'ana ku kanyumba ka injini. Gvozden anavula chipewa, koma maso ake sanachoke pa waya.

*

Komiti inakhala 4 koloko m'holo ya khonsolo, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Woweruza amene ankatsogolera komitiyo anayendera chingwe chodukacho, ananunkhiza parafini, n'kupukusa mutu. Bokosi lodulidwa chidindo, limene lakhala maola asanu ndi atatu m'manja mwa munthu mmodzi, silingalandiridwe. Chisankho chonse chinafafanizidwa. Komabe analamula kuti mapepalawo awerengedwe pamaso pa onse, monga umboni wa kukhoti.

Anawerenga kawiri. Ulendo wachiwiri utatha, Meya Maric anakhala pansi atagwira mutu. Kenako kumbuyo munthu wina wa ku Prekovo analankhula mokweza kuti ngati a mlatho ndi anthu oba mabokosi, ulendo wina asadzamuonenso pamzere. Ambiri anavomereza.

Dobrila anayenda wapansi kubwerera kupolisi. Mayi Leposava anali mu ofesi yake, osati m'chitolokosi, atavala siketi ya mkazi wa Obrad. Anali atalemba kale chivomerezo chawo, masamba awiri, zilembo zoongoka bwino, popanda pofufuta.

"Awerenga?" anafunsa.

"Awerenga. Koma chisankho chafafanizidwa, chifukwa cha chingwe."

"Ndiye ndapeza miyezi yanga isanu ndi umodzi." Anayesa kumwetulira. "Ndiuze, mwanangu, ndisamve kwa ena. Ayi anapambana ndi angati?"

Dobrila anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Anafunafuna njira ina yonenera, koma sanaipeze.

"Ayi 131, aphunzitsi. Inde 263."

Mayi Leposava anamuyang'ana ngati sanamve chinenerocho. Milomo yawo inayenda, akuphatikiza ndi mavoti 58 a m'tauni, monga munthu amene waphunzitsa masamu zaka makumi anayi sangalephere kuchita.

"Unali utadutsa," ananong'ona. "Mlatho unali utadutsa kale."

"Inde."

"Ndikanangoyendetsa galimoto mphindi zinayi."

Mayiwo anasanjika manja onse awiri patebulo, kenako anakankhira chivomerezo chija kwa iye.

"Pali chimene ndasiya. Bweretsa pepala lina. Ndilembe za Gvozden, ndipo ukaliwerenge padoko mokweza anthu asanabalalike."